Kaseti ya Amayi a Tadala

Ndikakumbukira amayi a Tadala, ndimamva fungo la makala onyowa akufuka pambaula, ndi kaphokoso ka kaseti ikuzungulira pa bolopeni. Tinkayandikana nyumba ku Biwi, khomo lawo loyang'anizana ndi la azakhali anga, kumene ndinafikira nditachoka kumudzi ku Dowa. Ana a m'tauni ankandiseka kayankhulidwe, choncho masana ndinkangokhala pakhonde pa amayiwa, ndikuwasankhira nyemba, iwo akukazinga zitumbuwa zogulitsa.

Ntchito yanga yeniyeni inali yobweza kaseti. Mabatire anali odula, ndiye nyimbo ikatha ndinkatulutsa kasetiyo, kulowetsa bolopeni pabowo, n'kumazungulitsa mosamala mpaka mkono kuwawa. Nyimbo yake inali imodzimodzi. Woimbayo anali wa mawu akuluakulu, osathamanga, ndipo ankaimba za mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake anamulanda zonse. Sankatukwana munthu. Ankangotchula katundu: mbale, bulangete, chitseko. Pofika pa mphasa imene mayiyo anadwazikirapo malemu, mawu ake ankatsika ngati akuchita manyazi m'malo mwa dziko lonse.

"Mwanawe, iyi si yovina," ankandiuza amayi a Tadala. "Ameneyu amanena poyera zimene ife timangonong'onezana kumpopi."

Amuna awo, owotcherera zitsulo, anali atayamba kale kutsokomola ndi kuwonda. Mng'ono wa bambowo, a Fuledi, ankabwera Lamlungu kudzazonda matenda, ndipo nyimboyo ikayamba ankaimba nawo atatsinzina, mutu ukugwedera.

"Alamu, muuzeni mwanayo abwezenso," ankatero. "Anthu olanda amasiyewa ndi afiti, ndithu."

Tsiku lina a Fuledi atachoka, amayi a Tadala anandiyang'ana akumwetulira. "Wamva? Munthu woimba nawo chonchi sangandichite choipa. Ine ndi Tadala tili pabwino." Amayi anzawo a kumsika anawalangiza kuti akasungitse kwina makina awo osokera zinthu zisanaipe. Anakana. Ankati nyimbo yawayankhulira kale.

Bambowo anamwalira nthawi ya mvula. Anthu atangobwerako kumudzi kumene anakaika maliro, a Fuledi anafika ndi galimoto ya matola ndi amuna ena awiri. Sanakweze mawu. Anatulutsa bedi, makina owotcherera, makina osokera, mpaka chiwaya cha zitumbuwa. Amayi a Tadala anangokhala pansi pakhonde atafunda nsalu yakuda, Tadala ali pamiyendo.

Wailesi ikutuluka ndi pamene anayankhula. "Alamu, wailesiyo tengani. Mungondisiyirako kaseti ili m'katimo."

"Anagula ndi achimwene imeneyo," anayankha a Fuledi mofatsa. "Komanso mukudziwa kuti ndimaikonda."

Galimoto isanakhote pachigayo, mmodzi wa amene anakwera kumbuyo anatsegula wailesi. Kasetiyo ndinali nditaibweza bwinobwino maliro asanachitike, ndiye nyimbo inayambira pachiyambi penipeni. Tinaimva ikutchula mbale, kenako bulangete, ikumka nizimirira. Za mphasa sitinazimve.

Mwezi utatha, mwininyumba anaikamo anthu ena m'nyumba muja. Amayi a Tadala anabwerera kwawo ndi kachikwama kamodzi, ndipo sindinamvenso za iwo.

Nyimbo ija ikadalipo. Ikalira mu minibasi, anthu amaimba nawo, ena atatsinzina, ena akuomba mpando ndi zala. Ine sindiimba. Ndimangoyang'ana milomo yawo, mmodzimmodzi, ndipo sinditha kuzindikira kuti mwa onsewa a Fuledi ndi ati.