Mmene Ndinadzichotsera pa Dimba la Amayi

Ine sukulu ya zamalamulo ndinaiphunzira chiimire, simbi ili m'manja, m'nyumba yosanja ya ku Business Bay, mumzinda wa Dubai. Satifiketi sanandipatse, koma nzeruzo ndinazigwiritsa ntchito mpaka zinandipweteka.

Madamu amene ndimawagwirira ntchito ndi loya wa ku Australia. Amuna awo ndiwo ali pantchito kuno ku Dubai, iwo amagwira yakwawo pakompyuta. Amathandiza bungwe lina losunga malo a Aaborijini, anthu amene anali m'dzikomo azungu asanafike. Kachipinda kositira kanagundana ndi ofesi yawo, ndiye nkhani zinkandilowa m'khutu popanda odi. Tsiku lina ndinawafunsa, nawo anandifotokozera ngati mwana wa sitandade wani. Akuti chikalata cha malo chili m'dzina la bungwe, koma bungwelo ndi mlonda chabe. Silingabwereketse malo kwa a migodi kapena oweta ng'ombe lisanaitane eni ake, kuwafotokozera mpaka amvetse, ndi kumva kuti avomera. Eni akakana, khalas, nkhani yathera pomwepo.

Ndinati eee, kani zimatheka? Kwathu ku Dowa tili ndi dimba la mbumba yathu, lochokera kwa makolo achikazi. Ndime yanga inali kumunsi, pamene madzi saphwa ngakhale mu Okutobala. Anandipatsa amayi nditakwatiwa. Ukwati unatha, ndimeyo inatsala. Ndinkati ndikadzatopa kukwecha mabafa a eni, ndidzakadzala anyezi pamenepo n'kukalamba mwaulemu. Koma nthawi imeneyo ana a mayi aang'ono, okhala ku Lilongwe, anali atayamba kubwera ndi azibambo a nsapato zonyezimira kudzayendera dimbalo ngati ofuna kuligula. Abale angawo ndi anthu osadziwa kulemera kwa khasu, koma nthawi yokolola matumba ali kale m'galimoto.

Lamlungu, tsiku langa lopuma, ndinapita ku Hor Al Anz kwa mnzanga wa ku Chipata, n'kukhala pabedi lake ndi kope. Iye akupenta zikhadabo, amvekere, "Iwe, manje wankhala loya?" Ine ndinali wotanganidwa ndi kupulumutsa mtundu.

Ndinalemba kuti pakhale bungwe la anthu asanu, wapampando akhale achimwene, poti ndiwo mwini mbumba. Bungwelo lisunge dimba, koma lisagulitse, lisabwereketse, lisasinthe ndime ya munthu popanda kuitana eni onse, kuwafotokozera, iwo n'kukweza manja. Mpaka apa ndinali kutsata madamu. Kenako ndinathira mchere wangawanga. Mfundo yachinayi: amene watha zaka zitatu osalima ndime yake, ndimeyo ibwerere ku bungwe, eni asankhe womupatsa. Polemba ndinkaona nkhope za a ku Lilongwe. Ndinaseka ndekha mpaka mnzanga uja analakwitsa chikhadabo.

Nditatumiza chikalatacho kumudzi, achimwene anawerengera mbumba yonse, anthu anasaina, ena anadinda chala. Pagulu lathu la pafoni ankanditchula kuti "loya wathu wa ku Dubai." Ndisaname, zinkandikoma. Azibambo a nsapato aja sanaonekenso.

Zaka zitatu zinakwana. Tchuthi ndinali nditapitako kamodzi, ndi masutikesi awiri, ndipo dimba ndinaliona ndili pa kabaza popita ku ukwati wa wina. Nanga ndikanalowa bwanji m'matope ndi nsapato za ku Dubai? Komanso ndinalibe nkhawa, mng'ono wanga ndiye ankalima ndime yanga n'kumadyetsa amayi.

Tsiku lina masana, ndikudikira basi ya sukulu ya mwana wa madamu, pagulu paja panabwera chithunzi cha kalata. Yolembedwa bwino, yosainidwa, yoitana eni onse ku msonkhano pakatha masabata awiri. M'munsi munali mayina a amene ndime zawo zikubwerera ku bungwe. Atatu a ku Lilongwe, ndinati eyaa, Mulungu sagona. Dzina lachinayi linali langa.

Ndinaimba pompo.

"Achimwene, dzina langa likutani pamenepa?"

"Achemwali, ife tikungotsata zimene munalemba. Mfundo yachinayi."

"Ndinalembera aja a ku Lilongwe! Ine mng'ono wanga amandilimira!"

"Khasu lili m'manja mwa yani? Tikakulolani inu, mawa a ku Lilongwe alemba aganyu, nawonso ati akulima. Paja munatiphunzitsa nokha kuti bungwe silikondera."

Ha! Munthu amene kusukulu ankathawa masamu, lero akundiphunzitsa malamulo anga omwe. Mtima unandiwawa, ndipo choipa kwambiri n'chakuti ankanena zoona.

Ndinathamangira kwa madamu ndi kope lija, ndikuwamasulira mzere ndi mzere. Ankagwedeza mutu mokondwa mpaka tinafika pa mfundo yachinayi. Anavula magalasi. Anati kwa anthu amene iwo amawathandiza, umwini ndi wobadwa nawo, munthu sachotsedwa chifukwa wapita m'tauni kukagwira ntchito. "Nanga ichi unachitenga kuti?" Ndinati m'mutu mwangamu, madamu, momwe mumachokera zonse zabwino. Ndinapempha masiku asanu okha kuti ndikagwireko khasu anthu aone. Anandimvera chisoni kwambiri, mpaka anandigwira phewa, kenako anandikumbutsa kuti amuna awo ali paulendo ndipo mwana ali ndi mayeso. Anati inshallah, Mulungu akalola, ndidzapita mu Julaye.

Msonkhano unachitika Loweruka masana. Ine ndinaimika foni pa katoni ya sopo, kwathuko anaika yawo pampando, pansi pa mtengo wa mango, ngati mlendo wolemekezeka. Ndipo abale anga anachita zonse mwadongosolo, sindingawanamizire. Achimwene anafotokoza, anafunsa ngati onse amva, anabwerezanso chifukwa cha okalamba. Anandipatsa mpata wolankhula. Ndinanena za kutentha kwa kuno, za msana wanga, za malata amene ndinafolera nyumba ya amayi. Anandiombera m'manja bwino lomwe. A ku Lilongwe sanabwere n'komwe, iwo dimbalo anali ataliiwala kale. Msampha wonsewo unakola mbewa imodzi yokha.

Itafika nthawi yokweza manja, netiweki inachita zake, chithunzi chinauma. Ndinangoona mikono ili m'mwamba, osadziwa kuti ndi ya yani. Mawu atabwerera ndinamva achimwene akulengeza kuti ndime yakumunsi yapita kwa mng'ono wanga.

Anthu atabalalika ndinapempha kuti foni aipereke kwa amayi.

"Amayi, inu munakweza mkono?"

Nkhuku zinkalira chapafupi.

"Ndinakweza, mwana wanga."

"Ine mwana wanu woyamba?"

"Mng'ono wakoyu wakhala akuthirira pamenepo ndi mwana kumsana. Ndikanamuyang'ana bwanji? Iwe ukadzabwera udzafikira kwa ine, sindingakuthamangitse." Anatsokomola, kenako anafunsa ndi mantha enieni, "Kapena talakwitsa penapake? Ndinawauza kuti atsate zonse monga unalembera, kuti usachite manyazi kwa abwana ako."

"Ayi amayi," ndinatero. "Simunalakwitse paliponse."