Foni ya mayi ondipeza

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinanamizira mayi ondipeza kuti andiwononga maso. Tinkakhala ku Migowi, kumene bambo ankagula nandolo kwa alimi. Mayi anga ondibereka anamwalira ndili sitandade 2, ndipo abale awo a ku Nazombe anandilola kukhala ndi bambo monyinyirika, chifukwa cha sukulu basi. Kenako bambo anakwatira a Dorofe, mzimayi wofatsa wa ku Zomba, amene anabwera ndi sutikesi imodzi ndi foni ya m'manja. Ine ndinkawaitana kuti anti.

Masiku amenewo mafoni anali owerengeka. Yawoyo anawapatsa ndi mchimwene wawo, kuti azilankhula ndi mwana wawo wamwamuna amene anamusiya kwa agogo ake. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki inkagwira, n'kumaseka ndi mwanayo. Akamaliza ankandipatsa kuti ndisewere kanjoka kodya timadontho. Ndinkaiyandikiza kumaso mpaka mphuno kugunda mabatani.

Koma maso anga anali atayamba kale kuvuta. Kuyambira sitandade 4 zolemba za pabolodi ndinkaziona ngati ufa womwazika. Ndinkakopera m'kope la mnzanga Falesi, ngakhale pa mayeso, ndipo ndinkaopa kuti ndikaulula za maso, kuberako kudziwikanso. Tili sitandade 6 Falesi anasamukira ku Mulanje. Sipanathe mwezi, aphunzitsi anandiimiritsa kuti ndiwerenge chiganizo cha pabolodi, ine osaona chilembo n'chimodzi chomwe. Anandisendeza kutsogolo, n'kundisendezanso, kenako analemba kakalata kopita kwa bambo.

Bambo anawerenga kalatayo atakhala pathumba la nandolo, malaya ali mbuu ndi fumbi. Anandifunsa kuti zinayamba liti. Ndinayang'ana lamba wawo. Kumsika anthu ankakamba kuti foni imatulutsa mphamvu yosaoneka imene imaotcha timinyewa ta m'maso, ena ankati anamva pawailesi. Mawu anangotuluka okha.

"Chiyambireni kusewera ndi foni ya anti."

Loweruka lake amalume anatulukira kuchokera ku Nazombe, ali ndi mayi aakulu, akulu awo a malemu mayi anga. Anakhala pakhonde n'kundiika pakati. Amalume ankalankhula Chichewa, koma mtima ukawakwera ankalowa Chilomwe, chimene a Dorofe sankamva. Ine ndinkamva zonse. Anati mwana wa mlongo wawo sanabadwe wakhungu, ndipo anafunsa chifukwa chake mkazi ameneyu mwana wake wobereka yekha anamuika kutali ndi chinthucho, n'kumachipereka kwa mwana wamasiye. Mayi aakulu anagamula kuti ichoke foni kapena achoke mwana.

A Dorofe anali pamkeka, manja ali pamiyendo. Anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanadziteteze, anangopempha kuti mwana akaonedwe kuchipatala. Lolemba foniyo anaibweza kwa mchimwene wawo pa minibasi. Lamulungu lotsatira, nthawi ija ankakwera pachulu, ndinawaona akusesa bwalo limene anali atasesa kale m'mawa.

Patapita milungu itatu kunabwera dokotala wa maso pachipatala china chapafupi. Bambo anali kumsika, choncho anandiperekeza ndi a Dorofe omwewo. Dokotala anandiwerengetsa zilembo za pakhoma, n'kundiunika m'maso ndi katochi. A Dorofe anafunsa motsitsa mawu ngati foni ingaphe maso a mwana. Iye anati sakudziwa umboni uliwonse woti mphamvu ya foni imaotcha mbali ya diso imene imaona. Kuyang'anitsitsa chinthu pafupi kumatopetsa maso, inde, koma m'kati mwa maso anga munalibe powonongeka. Langa linali vuto losaona patali, limene limakula pang'onopang'ono, ndipo silinali la dzana. Ndiye anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti ndinasiya liti kuona pabolodi.

Ndinati sitandade 4. M'chipindamo munkanunkha mankhwala, ndipo ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Tinabwerera wapansi, dzuwa likuswa mtengo. A Dorofe ankayenda patsogolo, ine pambuyo, mpaka ndinayamba kulira. Anaima pamthunzi wa mango.

"Ndinkadziwa, mwanawe. Kuyambira tsiku limene ndinafika unkatsinzina poyang'ana anthu apamsewu. Ndinawauza bambo ako, anati ndi manyazi chabe."

Ndinafunsa chifukwa chake sananene zimenezo pamaso pa amalume.

"Ndikanati ukunama, bambo ako akanakumenya, amalume ako akanakutenga. Komanso mawu anga akanawamva ndani?"

Kunyumba anafotokozera bambo za magalasi, koma za sitandade 4 sanatchule. Ankadikira kuti ndinene ndekha, ndipo ine sindinanene. Magalasi ndinavala, ndinakhoza mayeso ndi mutu wanga, koma ku Nazombe nkhani inakhazikika yoti mwana wa malemu anawonongeka ndi foni ya mkazi wa ku Zomba. Mchimwene wa a Dorofe anakhumudwa, foniyo sanaitumizenso. Chaka chonsecho mawu a mwana wawo anawamva kamodzi, atapita kukamuona pa Khirisimasi.

Kwa amalume ndinakaulula ndili wamkulu, a Dorofe tinali titawaika kale m'manda. Nkhalambayo inaganiza kanthawi, n'kunena kuti siyikukumbukira.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinanama chifukwa cha mantha, ndipo mwana aliyense amaopa lamba. Lero ndimaona kuti mantha aja anali ndi maso. Sindinaloze aphunzitsi, sindinaloze bambo. Ndinaloza munthu amene ndinkadziwa kuti aliyense akhulupirira msanga zoipa zake, amenenso ndinkadziwa, pansi pa mtima, kuti sangandibwezere.