Mizere Isanu ndi Iwiri ya pa Chitseko cha Kumanzere

Adzukulu anga, inu amene mumaseka mukandiona ndikupukuta galimoto yakale ija m'mawa uliwonse, ndi inunso akamwini ndi atengwa amene mudalowa m'banja lino galimotoyo ili kale pa njerwa, ndalemba izi kuti muzidziwe ndikadali ndi mpweya. Tsiku lina galimotoyo idzakhala m'manja mwanu. Wina wa inu adzayang'ana chitseko cha kutsogolo kumanzere nadzati, m'katimu mudasokedwa mwachikale, tichotse tiikemo zamakono. Ameneyo asanagwire sipanala, ayambe wawerenga pepala ili.

Galimotoyi idali ya ansembe a ku mishoni kumene ndidaphunzira, kumenenso pambuyo pake ndidakaphunzitsa. Ndiyo idatinyamula ine ndi agogo anu aakazi tsiku la ukwati wathu. Ansembe atapeza ina yatsopano, iyi idagwera m'manja mwanga, ndipo kwa zaka zambiri malo a agogo anu adali amodzimodzi: mpando wa kutsogolo, kumanzere. Itatopa, ndidaikweza pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Balaka, n'kuifunda lona. Lona lidang'ambika, mvula idalowa, chiswe chidatsata. M'kati mwa chitseko chilichonse cha galimoto mumakhala thabwa lopyapyala lokutidwa ndi nsalu yonga chikopa, lobisa zitsulo za loko ndi za galasi. Ine ndimalitchula kuti chikuto, monga cha buku, pakuti dzina lina sindilidziwa. Zikuto zonse zinayi chiswe chidadya, n'kusiya fumbi ndi misomali.

Sindikadaigwiranso galimotoyo pakadapanda maso a agogo anu. Adayamba kuchita nkhungu pang'onopang'ono, madokotala nayesa zimene adayesa, mpaka mdima udatseka. M'nyumba sadavutike, amadziwa pamene pali mchere ndi pamene pali singano kuposa ine wopenya. Vuto lidali kunja. Lamulungu lina mwana wathu wamkulu adatitenga pa galimoto yake yamakono kupita ku Misa. Titafika, agogo anu adafufuza chotsegulira chitseko, koma dzanja lidagwera pa batani. Galasi lidatsika. Adakanikizanso, galasi lidakwera. Anthu adali ataima pakhomo pa tchalitchi, ndipo amayi awiri, mwa chifundo chawo, adathamanga nawatulutsa mowanyamula m'khwapa ngati thumba la chimanga. Kuyambira tsiku limenelo sadatulukenso pa mpanda. Munthu amene adaimba kwaya kuyambira utsikana wake ankamvera Misa pa wailesi, atakhala pa mpando wa m'khitchini.

Madzulo ena ndikuwawerengera nyuzipepala, adandidula mawu. "Bambo a ana, ikadakhala galimoto yathu ija sindikadachita manyazi. Dzanja langa linkadziwa njira. Kuchokera pa galasi, mizere isanu ndi iwiri, kenako lamba wokokera chitseko, chotsegulira chili patsogolo pake." Adanena modutsa, koma ine ndidasunga.

Pali makaniko wina wa tsitsi la imvi pafupi ndi msika, amene adaphunzira ntchito pa magalimoto a mtundu umenewu. Galimoto yathu adaigwira miyezi ingapo, injini idakhosomola, nidzuka. Matayala adapezeka, penti idapakidwa. Zikuto zokha ndizo zidasowa. Ndidayenda m'malo mogulitsira zitsulo zakale kuno ndi ku Liwonde, osapeza. Mwana wathu adandionetsa zithunzi pa foni za zikuto zogulitsidwa kunja kwa dziko, koma zonse zidali za mtundu wina, za mizere yoimirira, pamene zathu zidali za mizere yopingasa. Pomaliza makaniko adandiperekeza kwa telala wina pafupi ndi siteshoni ya sitima, wosoka makushoni a njinga za kabaza. Ndidamupatsa chithunzi chakale chimene chitseko chidaonekamo chili chotsegula.

"Abambo, musadandaule," adatero telalayo, pini ali nayo pakamwa. "Ndikupangirani chooneka ngati chenicheni. Ngakhale mzungu amene anachipanga akabwera, asokonezeka."

Adasungadi mawu ake. Mtundu wake udali womwewo, wofiirira ngati tiyi wa mkaka pang'ono, mizere yosokedwa mowongoka. Zikuto zonse zinayi tidazimanga pa zitseko, ine mtima uli m'mwamba, n'kuwatsogolera agogo anu kuseri kwa nyumba. Adakhala pa mpando wawo, nayendetsa dzanja pa chitseko kamodzi kokha.

"Ichi n'chiyani, bambo a ana? Mwandikhazika pa kabaza?"

"Iyayi, mayi. Chikufanana ndithu ndi chakale chija. Mtundu wake womwewo."

"Chikufanana kwa yani? Mtunduwo ine ndiuona ndi chiyani? Apa ndikungomva siponji, mizere sindikuimva. Ndiperekezeni m'nyumba."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine amene ndidakalambira pa bolodi ndikuuza ana kuti safunsa adadya phula, ndidapanga chinthu cha munthu wosaona pofunsa maso anga ndi maso a telala, mwiniwake osamufunsa. Ndidazindikira kuti chithunzi sichikwanira. Pankafunika chikuto chenicheni, ngakhale chimodzi, choti zala zawo zichiyese.

Mnzanga wina wa ku tchalitchi, amene adagwirapo ntchito pa njanji, adandiuza kuti ku Nayuchi, kufupi ndi malire, adaonako chigoba cha galimoto yonga yathu. Ndidakwera sitima. Chigobacho ndidachipezadi kuseri kwa timagolosale, maungu atayanga kulowera pa zenera n'kutulukira ku injini, zitseko kulibe. Mayi wina wokazinga chinangwa pafupi pomwepo adandiyang'ana ndikuzungulira chigobacho ndi jekete langa la Lamulungu, naseka.

"Agogo, ngati mwabwerera maliro a galimotoyi, mwachedwa. Tinalira kalekale."

Nditamufotokozera, adati zitseko ziwiri adazitenga pa ngolo dalaivala wina wopuma ntchito pamene ankasamukira kwawo ku Chikweo. Dzina lake sadalidziwe, koma adati ndikafunse mkulu woyenda chowerama amene ankayendetsa malole.

Sabata yotsatira ndidapita ku Chikweo. Idali nyengo yothyola thonje, minda ili mbuu. Basi idandisiya pa msika, kabaza adandifikitsa pamene njinga idakanika mchenga, kwinako ndidayenda pansi. Ndisanamuone munthuyo ndidaona chitseko: chidali chotsekera khola la mbuzi, chomangidwa ndi waya, dzimbiri lokhalokha, m'kati mwake mopanda kanthu. Pakhonde padakhala mkulu wa chisoti choyera, tasibihi yopempherera ili m'manja.

"Ajimwiche uli, ambuje?" ndidamulonjera m'Chiyao changa chothyoka.

Adayankha, naseka, nati, "Tiyeni tiyankhule Chichewa, achimwene, musathyoke lilime pakhomo panga." Powerama kuti andisunthire mpando, ndidaona chimene adatsamira kukhoma. Chidali chikuto, chathunthu, chosalala ndi kukhudzidwa kwa zaka zambiri, lamba wake akadalipo.

Ndidapempha kuti andipatse, iye adakana mosazengereza. "Msana uwu unathyokera m'malole. Ndayesa pilo, ndayesa mpando wa ndalema, koma umagona pa mizere iyi yokha. Mukachotsa ichi mwandichotsa pakhonde." Pamenepo ndidamuuza zonse, za maso, za batani la galasi, za wailesi ya m'khitchini. Adamvetsera akuyendetsa tasibihi. Kenako adadzikoka, nachotsa chikutocho kumbuyo kwake.

"Tengani. Koma si mphatso iyi, n'chobwereka. Msana wanga udikira mwezi umodzi. Kodi Akhristu inu mumabweza zinthu?"

"Timabweza, achimwene, ngakhale mochedwa."

"Ndiye ndiziwerenga masiku."

Ndidachikulunga m'chitenje chimene akunyumba kwake adandibwereka, n'kuchifukata njira yonse ngati khanda.

Nditafika ndidachiika pamiyendo pa agogo anu. Zala zawo zidayambira pamwamba, milomo ikuwerenga mosatulutsa mawu. Zitafika pa lamba zidaima. Kenako zala zidapita kutsogolo kufuna bowo la chotsegulira, n'kulipeza mbali inayo.

"Ichi n'cha kwanu, bambo a ana, si cha kwanga. N'cha chitseko cha dalaivala."

Ulendo wonse uja sindidaganizeko kuti zitseko zili ndi kumanja ndi kumanzere. Ndidayamba kupepesa, koma adandiletsa ndi dzanja.

"Mwaiwala kuti ndinkasoka madiresi? Mkono wa malaya wa kumanzere timaudula potembenuza wa kumanja. Si nkhani imeneyo. Nkhani ndi telala wanu uja. Mukamusiya yekha aikanso siponji yake. Mawa ndipita ndekha ndikamuuze."

Kutacha adavala chitenje chatsopano, natuluka pa mpanda kwa nthawi yoyamba patapita pafupifupi chaka. Adakwera kabaza, ine ndikutsata pa wina, chikuto chili pa chifuwa.

Telala adawapatsa mpando wake womwe. Agogo anu adamugwira dzanja, naliyendetsa pa chikuto chobwereka chija. "Mwana wanga, tseka maso. Ukumva? Mzere uliwonse ndi wotukuka ndipo ndi wolimba, ngati mzere wa m'munda dzuwa litauwomba. Iwe unangojambula ndi ulusi." Telalayo adaganiza, nati zakalezo ankazidinda ndi makina otentha ku fakitale, koma iye angathe kugoneka chingwe cha thonje pansi pa nsalu n'kusoka mbali zonse ziwiri. Adayesa pa kachidutswa. Agogo anu adati chingwe chachepa. Adayesanso, adati chakula. Ulendo wachitatu adati mizere yatalikirana, naika zala ziwiri pakati kumuonetsa muyeso.

"Amayi, inu mukanakhala woyendera masukulu, aphunzitsi onse akanathawa ntchito."

"Ndinakwatiwa ndi mphunzitsi, mwana wanga. Ndayendera mmodzi moyo wanga wonse, ndipo sanathawe. Masula, usokenso."

Ntchitoyo idatenga masiku atatu, ndipo masiku onse atatuwo adapita. Shopu ya telala ili pa njira ya ku msika, choncho mbiri idamveka. Amayi a kwaya ankapatukira pomwepo ndi madengu awo, ena kudzawalonjera, ena kudzawadandaulira kuti kwaya yatsika chichokereni iwo. Tsiku lachitatu ndidawamva akuseka mokweza, kuseka kumene ndidali nditakuiwala. Lamba wokokera chitseko tidadula ku lamba wanga wakale wa chikopa, amene ndinkavala ndikuphunzitsa. Iwo adati kukhuthala kwake n'komweko.

Lamulungu lotsatira, tili pakhomo, adati, "Pasakhale wondigwira." Adayenda okha, dzanja likutsata mbali ya galimoto kuchokera kumbuyo, natsegula, nakhala. Dzanja lidakwera pa galasi n'kuyamba kutsika, umodzi, iwiri, mpaka isanu ndi iwiri. Lidagwira lamba, nilikoka. Chitseko chidatsekeka ndi phokoso lake lakale lija.

"Mukudikira chiyani, bambo a ana? Tichedwa Misa."

Ndidayendetsa pang'onopang'ono, akabaza akutipitirira ndi kutiimbira mabelu. Pa tchalitchi adatsegula okha, natsika okha, kenako n'kutambasula dzanja kuti ndiwatsogolere pa masitepe. Adakakhala ku benchi ya kwaya.

Chobwereka chija tidakabweza pa galimoto yomweyo, iwonso ali momwemo, pakuti adati afuna kukathokoza ndi pakamwa pawo. Mchenga wa ku Chikweo udatigwira kawiri, anthu a m'njira natikankha. Mkulu uja tidamupeza atatsamira thumba la thonje, nkhope ili yokwinya. Atatiwona adati, "Mwachedwa masiku anayi," koma adadzuka ndi msana wakewo kukalonjera agogo anu pa zenera, ndipo sadatilole kubwerera tisanadye.

Zitseko zitatu zinazo zikadali ndi siponji ya telala, ndipo alendo amaziyamikira kuti zikuoneka ngati zenizeni. Zimenezo mukafuna mudzasinthe. Cha kutsogolo kumanzere mudzachisiye momwe chiliri.

Tsono adzukulu anga, mukamakonzera munthu chinthu, yambani mwafunsa mwiniwake mmene amachidziwira, musanafunse maso anu. Chobwereka muzikabweza nokha kwa mwini wake. Ndipo agogo anu akamakwera galimoto, musawagwire m'khwapa, musawatsekere chitseko. Imani pambali, mudikire mpaka atakuitanani.