Ndinakasaka Pasikalo ku Ofesi ya Mdzukulu Wanga

Ndinatsala pang'ono kupha ukwati wa mdzukulu wanga chifukwa cha mwamuna amene sanabadweko. Inu owerenga, sekani ngati mukufuna, koma mumve.

Ine sindikhulupirira munthu. Masiku a chipani chimodzi, pamene tinkafola pamzere wa ufa ndi makuponi, ku Matero kuno mnzako wa pamzere yemweyo ankatha kukhala kazitape. Ndinazolowera kumvetsera osafunsa, poti wofunsidwa amanama.

Mdzukulu wangayo, Tisiyenji, ndinamulera ndekha. Anapeza ntchito ya makompyuta pa kampani ina m'tauni, ndipo mphunzitsi wa ku Kalingalinga, Mabvuto, anali atatuma kale ankhoswe. Kenaka mwana anayamba kuweruka mochedwa. Loweruka lina mnzake wa kuntchito atabwera, ndinakhala kuseri kwa zenera ngati ndikusankha nyemba. Ndinamva Tisiyenji akuti Kobolo wakalamba, akumusiya, zonse akusamutsira kwa Pasikalo. Anawonjeza kuti Pasikalo ndi wovuta, ukangolakwitsa kadontho amakana, n'chifukwa chake amamuchedwetsa.

Nyemba zinatayika. Amuna awiri, Mabvuto wachitatu. Ndipo dzina loti Pasikalo ndinkalimva kwa amalonda ochokera ku Zaire, ovala nsapato zosongoka aja.

Mwana sindinamufunse. Ndinapita kwa ankhoswe kukawauza kuti za chimalo, ndalama zolowolera zija, aziimike kaye, pali mbala ikuzungulira khola. Lolemba ndinamanga chitenje cha chipani kuti mlonda wa pakampanipo andiope, ndinatenga ambulera, ulendo wa ku ofesi.

Mlonda anati pakampanipo palibe Pasikalo. Ndinamuuza kuti amudyetsa chibanzi. Ndinakuwa mpaka bwana wa Tisiyenji anatuluka, nandilowetsa m'chipinda chozizira ngati mosungira maliro. Tisiyenji atandiona anagwira pakamwa.

Bwanayo anafotokoza kuti kompyuta imagwira ntchito pomvera malamulo olembedwa, ndipo malamulowo ali ndi zinenero zake monga ife tili ndi Chinyanja ndi Chibemba. Kobolo chinali chinenero cha makina akale, Pasikalo cha atsopano. Kulemba zonse kachiwiri ndi manja kukanatenga zaka, choncho anali ndi pulogalamu yomasulira yokha. Koma inkamasulira ngati womasulira wa kutchalitchi wotsata liwu ndi liwu, m'busa akati nkhosa zotayika iye n'kuuza anthu kuti akafufuze kubutchala. Ntchito ya Tisiyenji inali kuwongola zopotokazo.

Ndinasuzumirabe kuseri kwa makinawo. Kunali nthambo zokhazokha.

"Ambuya, nanga ba Kobolo simufuna kubaonako?" anatero mlonda uja ali pakhomo. Ofesi yonse inagwa ndi phwete, kupatula Tisiyenji.

Zenizeni zinali kunyumba. Ankhoswe anali atauza akazi awo, akazi awo anauza a pampopi, ndipo nkhani pofika ku Kalingalinga inali yoti mtsikana ali ndi pakati pa Mzaire wa galimoto yofiira. Amayi a Mabvuto anabweza mawu a ukwati. Ndinapita ndi nkhuku kukagwada, ine nkhalamba, n'kumafotokoza za zinenero za makina zimene ndinazimva dzulo lake. Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti bodza lotere sanalimvepo chibadwire. Anakhulupirira pokhapokha Mabvuto atawakweza basi kukaona okha chipinda chozizira chija.

Ukwati unachitika mvula itatha. Koma Tisiyenji anasankha alangizi ena m'malo mwa ine, ndipo kuchokera pamenepo akafuna kulankhula zake amayamba watseka mazenera. Chimenecho chimandiwawa kuposa kuseka kwa mlonda.

Inu agogo anzanga, ana a masiku ano amagwira ntchito zokhala ndi mayina a anthu. Sindikuti muleke kuwalonda, ine sindinaleke. Koma musanathamangire kwa ankhoswe, muitaneni mwanayo, mumukhazike pansi, mumufunse ngati mwamunayo ali ndi miyendo.