Denga la Alinafe ndi zithunzi zomwe ndinaletsa

Mwaswera abale. Ndangochokera ku Balga kwa mlongo wathu Alinafe, mutu ukuwawa.

Chimphepo cha Lachiwiri chija chinasasula matailosi a padenga, mvula n'kugwetsa siling'i kuchipinda kwa ana. Alamu ali ku mgodi mpaka sabata yamawa. Nditaona ana akunjenjemera ndi chisanu, ndinaitana azibambo a kutchalitchi. Tinakonza denga tsiku limodzi, zoonongeka zonse n'kukataya.

Lero kwabwera munthu wa inshulansi. Wakwera padenga, watsika, akuti, "Ntchito yabwino. Nanga zoonongekazo zili kuti?" Akuti popanda umboni salipira siling'i, makapeti ngakhale mabedi a ana. Alinafe sanalire ayi. Wangomufunsa munthuyo ngati angamwe tiyi. Zimenezo ndiye zandipweteka.

Wolakwa ndine. Tsiku lokonza denga lija azakhali a ku Maddington anayamba kujambula ndi foni, ine n'kuwakalipira, "Si ukwati uno, gwirani tsache!" Anatuluka m'gulu lathu la pafoni lino, foni yanga sakuyankha.

Umboni wonse uli m'foni mwawomo, ngati sanafufute. Ndiye mukuti bwanji, ndipite ndekha kukapepesa kapena wina andiperekeze? Pakamwa pangapa mukupadziwa.