Kalata ya Opareshoni Pansi pa Wailesi

Azakhali anga anandilanda tsiku langa la opareshoni.

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, wonenepa moti m'basi ya ku Woolwich, ku Mangalande, mpando wa pambali panga unkakhala wopanda munthu, anthu ataimirira thothotho. Dokotala wa chipatala cha boma anati angathe kundichepetsa chifu kwaulere popeza ndinali ndi viza ya sukulu, bola ndidikire pamzere. Mwezi uliwonse ndinkapita kukakwera sikelo, namwino n'kulemba, ine n'kubwerera kukachipinda kanga ka lendi komwe kunalibe wondifunsa kuti zayenda bwanji.

Cholakwa changa chinali adiresi. Kuchipatala ndinalembetsa ya azakhali ku Thamesmead, kumene ndinafikira pochokera kumudzi, ndipo nditasamuka sindinasinthe. Kwathu kalata ya mwana amatsegula ndi wamkulu wapakhomo. Kalata ya tsiku la opareshoni itafika, azakhali anatsegula, anawerenga, n'kuitsindira ndi wailesi.

Ndinaipeza Lamulungu lina nditapita kukawaona. Tsiku lolembedwamo linali litadutsa ndi masabata atatu.

"Azakhali, ichi n'chiyani?"

"Iwe, munthu wabwinobwino amamung'amba? Ukudwala pati? Bambo ako akaona zithunzi zako amayamika Mulungu kuti mwana akudya bwino ku Mangalande. Ukafera patebulopo ndikamuuza chiyani mchimwene wanga?"

"Inu mumasamalira okalamba. Mumaona mmene anthu ngati ine amathera."

"Amenewo ndi azungu. Khala pansi, ukundigwedezera nyumba."

Lolemba ndinaimba foni kuchipatala. Mayi wina anandiuza mwaulemu kwambiri kuti amene sanabwere pa tsiku lake, osanenanso chifukwa, amachotsedwa pamndandanda. Ndiyambirenso kwa dokotala. Koma apo n'kuti nditasiya kale koleji. Kalasi yathu inali pamwamba, ndipo ndinatopa nako kufika ndili wefuwefu, malaya atanyowa, anzanga akuyang'ana kumbali. Wosiya sukulu viza yake imatha, ndipo ikatha zaulere palibenso.

Ndinayamba ntchito yolondera malo oimika magalimoto, tsiku lonse ndekha m'kanyumba kagalasi. Ku Thamesmead sindinapondekonso. Ndinamva kuti kutchalitchi ku Tottenham azakhali anaimirira n'kupereka umboni woti Mulungu anawagwiritsa ntchito kupulumutsa mwana wa mchimwene wawo ku mpeni, anthu n'kuwomba m'manja.

Ndinadikira pamzere uja miyezi khumi ndi isanu ndi inayi. Mpaka lero palibe wandibwezera ngakhale umodzi.