Tsiku Limene Ndinazula Tembusha wa Amai

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pakamwa panga panali patakula kale kuposa thupi. Amene amandidziwa kuno ku Chawama amati Yotamu akayankhula m'nyumba mwake, a kumsika ndiwo amayankha. Sindikana. Sukulu sindinapite nayo patali, koma za dimba palibe angandiphunzitse, ndakalambira pa khasu m'mayadi a anthu. Pali nkhani imodzi yokha imene ndikaikumbukira mawu anga amachepa, ndipo ndi iyi.

Tinkakhala ku Kanyama, m'nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri, malata ake otsindikiza ndi miyala. Kanyama mukuidziwa, pansi pake ndi mwala wokhawokha. Ukakumba pang'ono khasu limalira. Pa yadi yathu yonse dothi lenileni linali pamalo amodzi, kuseri, pansi pa windo la amai, kamalo koti ngakhale mphasa sikanakwanapo. Pamenepo panali tembusha, chomera chija cha masamba onenepa, a minga m'mbali, chimene ukachithyola chimatuluka madzi owawa ngati ndulu. Palibe ankachithirira. Chinangokhala phee, chotuwa ndi fumbi, chaka ndi chaka. Amai akamasesa m'mawa ankafika pamenepo, n'kutola tizinyalala ndi zala, osati ndi tsache. Ine ndinkaona, koma sindinafunsepo.

Atate ankagwira ntchito ya m'dimba kwa mzungu wina kumayadi. Loweruka lina ananditenga kuti ndikawathandize kunyamula manyowa. Kumeneko ndinaona mpanda wonse utaphimbidwa ndi magalagadeya, zipatso zili lendelende, zina zitagwa pansi popanda wozitola. Atate anang'amba chimodzi ndi chala n'kundipatsa. Abale, fungo lija! Pobwerera anandinyamulira kambande m'chitini cha jamu.

"Ukafunse amako pobzala," anatero.

Sindinafunse. Ndinali nditauza kale anzanga onse a mumsewu mwathu kuti kwathu kudzakhala zipatso za azungu, ndipo wofuna kulawa azidzayamba wandipatsa moni ndi manja awiri.

Lolemba amai atapita kumsika ndi beseni lawo la tomato, ndinatenga khasu. Munali mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, nthaka ikununkhira. Tembusha ndinamuzula ndi kukoka kumodzi, mizu yake ndi yaifupi, ndinakamuponya kudzala. Kenaka ndinakumba dzenje lofika m'mawondo monga ndinaonera kumayadi. Dothi lakale ndinaliyesa lotopa. Ndinalituta ndi ndowa n'kukalithira m'chithaphwi cha pamsewu, pakhomo pathu, kuti anthu aziponda pouma. M'dzenjemo ndinadzaza zitosi za nkhuku ndi dothi lakuda lokatapa kudambo. Ndinabzala, ndinathirira, ndinamanga waya wokwerapo. Kunena zoona, inali ntchito yabwino.

Woyamba kuona anali amake Jelita, a nyumba yoyandikana nafe, mayi wa nthabwala amene ankaseka ngakhale ndi wapolisi wobwera kudzataya mowa wawo. Anasuzumira pampanda.

"Iwe Yotamu, wachita chani apa?"

"Nachosapo chija chopanda nchito," ndinayankha mokweza kuti anzanga amve. "Chibala chani? Mthunzi chilibe, chipatso chilibe, mbuzi nayo ichikana. Ichi changa mudzadya mpaka mano kuyayamira, na mthunzi mudzakhalapo!"

Ndinadikira kuti aseke. Anagwira pakamwa, n'kulowa m'nyumba mwawo.

Amai anabwera dzuwa likupendeka. Ndinawalandira beseni, ndinawatsogolera kuseri ngati mwana wopambana mayeso. Anaima. Anayang'ana kambande kanga, anayang'ana waya. Za tembusha sanafunse n'komwe.

"Dothi linali apa waliika kuti?"

Ndinaloza kumsewu.

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi mbale yachitsulo, anapita pachithaphwi paja. Tsiku lonse anthu anali atapondapo, njinga, mawilibala a makala, ana osewera. Amai anga, mayi wa Chigwirizano amene chitenje chake sichinkakhudza fumbi, anagwada m'matope n'kuyamba kutapa ndi mbale, kufwanyula ndi zala pang'onopang'ono, kutaya, kutapanso. Anthu anaima. Ana anayamba kuseka. Ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndinakuwa msewu wonse ukumva:

"Amama, nyamukani! Mutichititsa manyazi!"

Sanatembenuke.

Amene anandigwira khutu ndi amake Jelita. Anandikokera kuseri kwa nyumba yawo, ndipo kanali koyamba kuwamva akuyankhula motsitsa.

"Iwe, uyesa ndiwe woyamba kubadwa mu nyumba ija? Analipo mkulu wako, mwamuna. Mchombo wake utagwa, nine ninaukwirira paja na manja yanga. Mawa lake mwana anapita, tisanamutulutse panja, tisanamupatse dzina. Wotere sitimulira maliro, udziwa? Tinamunyamula ise azimai tekha m'mamawa, amako osaloledwa kuperekeza, osaloledwa kulira. Manda sadziwa pamene yalili. Chimene anatsala nacho ni paja. Anaikapo tembusha chifukwa safa, olo munthu adwale, olo mvula ikane. Manje iwe na vipatso vako!"

Zimenezi ana sankauzidwa. Koma atate anali atandiuza chinthu chimodzi chosavuta, kuti ndikafunse.

Amai sanapeze kanthu. Patapita zaka khumi ndi zitatu, kamchombo ka khanda kangatsale chiyani? Anasamba, anaphika, anandiikira chakudya monga mwa masiku onse. Atate atamva anavula lamba, amai anawagwira dzanja. Ndikanakonda andikwapule, zikanathera pomwepo.

Ndinaganiza zozula magalagadeya aja. M'mawa mwake ndinapeza amai akuwathirira ndi madzi otsukira mbale.

"Asiye," anatero. "Wabzala kale. Usaphe ziwiri."

Magalagadeya aja anakula, anthu inu, ngati akundinyoza. Chaka chotsatira anakwera mpaka pamalata, anaphimba windo la amai, anabala zipatso zosawerengeka. Koma chomera chimenechi ndi chaludzu. Chilimwe amai ankaima pamzere kumpopi, n'kugawa ndowa imodzi pakati pa ife ndi icho. Anzanga ankabweradi ndi moni wa manja awiri. Alongo anga aang'ono ankadya, ine ndinkadya, sindinama. Amai sanalawepo ngakhale chimodzi. Zikagwa ankatola n'kuika pawindo kuti tidye ife. Patapita zaka zinayi, chomera chonsecho chinachita chikasu n'kuuma, monga amachitira magalagadeya.

Tembusha uja ndinakamuona kudzala patapita milungu itatu kuchokera tsiku ndinamuzula. Anali chigonere cham'mbali paphulusa, atafota, atafiira, koma nsonga yake itadzuka kuyang'ana kumwamba, timizu tatsopano titagwira pansi. Ndinamunyamula, minga ikundibaya, ndinamubzala m'ndowa yobooka n'kumuika pafupi ndi khoma. Amai anamuona. Ndinayesa kuti ndowa ija yandipepesera.

Pamenepo ndiye pali manyazi anga enieni. Amai anakhala zaka zina makumi atatu. Ine amene ndakalipirapo makansala pamsonkhano, amene kumaliro amandipatsa zolengeza chifukwa sindifuna chokuzira mawu, ndinalephera kutulutsa mawu awiri okha akuti "pepani amama." Ndinkati ndidzanena mawa. Tsiku lowaika m'manda ndinatenga mphukira ya tembusha yemwe uja n'kuibzala kumutu kwawo. Ilipo mpaka lero, yachulukana, ndipo palibe amaithirira.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga Tisa, amene wapeza kanyumba ka lendi ku Mtendere, anabwera kudzandifunsa. Ali ndi kamalo kamodzi kokha, ndiye abzale chiyani, magalagadeya kapena tembusha? Ndinamuuza monga katswiri. Magalagadeya adzakudyetsa ndi kukupatsa mthunzi, koma adzakusenzetsa madzi ndipo sakhalitsa. Tembusha sadzakupatsa chotsekemera, koma mwana akapsa ndi moto udzamuthamangira, ndipo adzakuika m'manda iye akalipo.

"Apo pali kale kachitsamba kena ka alandilodi," anatero Tisa. "Kauma-uma, kaoneka kopanda nchito. Nizakachosapo chabe."

Akuti safunsa anadya phula. Ine ndinadya magalagadeya, ndipo akundiwawabe m'kamwa. Ndinamugwira dzanja mwanayo, ndinamukhazika pansi. Akuti aneba anadabwa tsiku limenelo, chifukwa sanamve chimene ndinanena.

"Usakhudze khasu," ndinatero. "Pita ukagogode, ukhale pansi, ufunse amene anakabzala."